Nyumba yosungira mbiri ya njanji ku Livingstone ndi njanji ya ku Chipata

Nyumba yosungira mbiri ya njanji m'Zambia ili ku Livingstone, m'mashedi momwe kampani ya Zambezi Sawmills inkagonekamo ndi kukonzeramo injini zake. Njanji ya kampaniyi inkapita ku Mulobezi kukatenga mitengo ya mukusi, yomwe ankacheka matabwa oyala pansi pa njanji zina. Kampani itasiya ntchitoyi, boma linaika malowa m'gulu la malo otetezedwa mu 1976, ndipo lero amayang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission. Mlendo amaonamo injini zoyendera nthunzi, mabogi akale ndi zida za amakaniko. Chimene chimapatsa malowa mphamvu n'chakuti zinthuzi zili m'mashedi momwe anthu ankagwiriramo ntchito, ndipo zinasungidwa zisanagulitsidwe ngati zitsulo zotha.

Kum'mawa kwa dzikoli, anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi alibe siteshoni. Yapafupi m'Zambia ili ku Chipata, pa njanji yochokera ku Mchinji, yomwe ntchito yake inayamba mu 1982 nthawi ya a Kenneth Kaunda, n'kuima zaka zambiri, mpaka a Rupiah Banda ndi a Bingu wa Mutharika anaitsegula mu Ogasiti 2010. Mbiri ya njanjiyi iyenera kuyamba kusonkhanitsidwa tsopano, ngakhale m'chipinda chimodzi cha siteshoniyo. Ena anganene kuti njanji ya dzulodzuloli, yomwe sitima zake siziyenda kawirikawiri, ilibe chosunga. Komatu kuchedwa kwa zaka 28 ndi mbiri kale, ndipo amene anakumba, kuyala miyala ndi kusamuka m'minda yawo akukalamba. Kuwonjezera apo, anthu a m'dziko la Kalonga Gawa Undi anadziwa sitima kalekale isanafike kwawo: amuna ambiri ankayenda pansi kapena pa lole kukafuna ntchito ku Salisbury, ku Broken Hill ndi kumigodi ya mkuwa, ena n'kulembedwa ntchito panjanji pomwepo. Makalata awo, zitupa ndi zithunzi zili m'masutikesi m'midzi yozungulira Mkaika, kwa Gawa Undi, ndipo chiswe sichidikira.

Ena angadandaule za ndalama, ndipo n'zoona, chifukwa zipatala ndi misewu n'zofunika kutsogola. Koma kujambula mawu a agogo pa foni ndi kusunga mapepala m'kabati youma sikufuna ndalama zonga zokonzera injini yochita dzimbiri, ntchito yomwe ku Livingstone nako imawalemera. Ngati njanji yolonjezedwa ya Chipata kupita ku Serenje kudzera ku Petauke idzamangidwe, midzi ina idzasunthidwanso, ndipo padzafunika malo olembapo mayina ake.