Ron Barassi, katswiri wa mpira wa ku Australia

Malemu Ron Barassi adali wosewera komanso mphunzitsi wa mpira wa malamulo a ku Australia. M'masewerowa timu iliyonse imalowetsa anthu 18 m'bwalo, mpira wake ndi wonga dzira ngati wa rugby, ndipo chigoli chimodzi chimawerengedwa mapointi 6. Iwo adabadwa pa 27 Febuluwale 1936 ku Castlemaine, m'chigawo cha Victoria, ndipo adamwalira pa 16 Seputembala 2023.

Bambo awo, omwe ankasewera mu timu ya Melbourne, adafera kunkhondo ku Tobruk, m'dziko la Libya, m'chaka cha 1941. Pofuna kuti mwana wamasiyeyo asadzapite kwina, timuyo idalimbikitsa lamulo loipatsa kalabu mwayi wolemba ana a osewera ake akale, lomwe likutsatidwa mpaka lero. A Barassi adaseweradi ku Melbourne kuchokera 1953 mpaka 1964, masewero 204, ndipo adatenga nawo chikho cha ligi kasanu ndi kamodzi motsogozedwa ndi mphunzitsi Norm Smith, yemwenso adawalera pakhomo pake.

M'chaka cha 1965 adasamukira ku Carlton kukakhala kaputeni ndi mphunzitsi, zomwe zidawawa ochemerera ambiri a Melbourne. Kumeneko adapambana chikho mu 1968 ndi 1970.

Ndime yotsiriza ya 1970 ndiyo imakumbukiridwa koposa. Pamaso pa anthu 121,696, Carlton idapita kokapuma ikutsalira ndi mapointi 44 kwa Collingwood. A Barassi adalamula anyamata awo kuti asamaime ndi mpira, koma azipatsirana mwachangu poumenya ndi chibakera, njira yomwe ambiri nthawi imeneyo ankaiona ngati yongodzipulumutsira pothinidwa. Carlton idapambana 111 kwa 101. Kunena kuti njirayi adaiyambitsa ndi iwo n'kukokomeza, pakuti Graham Farmer wa ku Geelong adali atatchuka nayo kale; chimene iwo adachita n'kuisandutsa chida cha timu yonse pa tsiku lalikulu.

Atapita ku North Melbourne mu 1973, adaipezera timuyo chikho chake choyamba mu 1975, n'kubwereza mu 1977. Kubwerera kwawo ku Melbourne pakati pa 1981 ndi 1985 sikudabale chikho, ngakhale kuti ndi pomwe adathandiza kuyambitsa ntchito yokasaka achinyamata aluso ku Ireland. Mmodzi mwa iwo, Jim Stynes, adalandira mendulo ya Brownlow mu 1991. Timu yomaliza yomwe a Barassi adaphunzitsa ndi Sydney, kuchokera 1993 mpaka 1995.