Mikango Isanu ya ku Tokyo Imene Inafika Itasinthidwa Mayina

M'zaka 30 zimene Kamuzu Banda analamulira, dziko la Malawi linalibe nyumba youlutsira wailesi yakanema. TVM inadzayamba pa 1 Epulo 1999, pomwe ku Rhodesia kanema anali atayamba kale mu 1960, ndipo ku Kitwe mu 1961. Choncho ambiri mwa ana a m'mabanja a Achewa, Ayao ndi Amang'anja amene anayamba kuonera makatuni a ku Japan sanali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Anali ku Zambia ndi ku Zimbabwe, adzukulu a matchona amene anapita "ku Halale" wapansi kapena pa Mthandizi kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu, n'kusabwereranso kwawo.

Ena mwa mabanja amenewa anakhazikika ku Chitungwiza, tauni imene inapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, kummwera kwa Harare. Manyame Park, kumene ndikulembera nkhaniyi, ndi dera lobadwa pambuyo pake, loyandikana ndi St Mary's chakumtsinje wa Manyame. Kuno gule wamkulu amavinidwa ndithu, kungoti amatchedwa zvigure, ndipo oimba sungura monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene dzina lawo linakulira m'tauni ino, ankati akafuna n'kuponya vesi m'Chichewa anthu n'kuvina osafunsa. Pa msewu ana ankalankhula Chishona, m'nyumba agogo ankawakalipira m'Chichewa, ndipo madzulo ZBC inkawalankhula m'Chingerezi. Katuni iliyonse inkatchedwa popayi, zikachuluka mapopayi, dzina lochokera kwa Popeye, mmalinyero wa ku America uja. Dzina limeneli linaphimba zonse. Palibe ankafunsa kuti popayi uyu kwawo n'kuti.

Wotchuka kuposa onse m'zaka zomaliza za m'ma 1980 ndi zoyambirira za m'ma 1990 anali Voltron: mikango isanu yachitsulo, yakuda, yofiira, yobiriwira, yabuluu ndi yachikasu, imene inkalumikizana n'kukhala chiloboti chimodzi chonyamula lupanga. Si nyumba zonse zinali ndi TV, ndiye ana ankadzazana pansi m'nyumba ya aneba, ndipo mawa lake pa fumbi ankalimbirana kukhala Keith, mtsogoleri woyendetsa mkango wakuda. Tonse tinkati ndi za ku America. Mayina anali achizungu, mawu achimereka, nanga tikanaganiza chiyani?

Komatu Voltron anabadwira ku Tokyo. Kampani ya Toei inatulutsa katuniyi mu 1981 ndi 1982 pa dzina lakuti Hyakujuu-ou Golion, magawo 52. Mu 1984 kampani ina ya mumzinda wa St. Louis ku America, World Events Productions, inaigula, n'kuidula, n'kuilembera mawu atsopano. Akira Kogane anasanduka Keith. Isamu Kurogane anakhala Lance, mwana wamkazi wa mfumu Fala anakhala Allura, ndipo Takashi Shirogane anapatsidwa dzina lakuti Sven pamodzi ndi kalankhulidwe ka kumpoto kwa Ulaya.

Monga womasulira, chimene chimandigwira mtima si mayinawo koma zimene anachotsa. Mu Golion, anyamata asanuwo akubwerera kuchokera mumlengalenga m'chaka cha 1999 n'kupeza dziko lapansi litapserera ndi nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Kwawo kulibenso. Akugwidwa ukapolo ndi ufumu wa Galra, akuthawa, n'kukamenyera nkhondo dziko la eni ake chifukwa alibe kwina kopita. Nkhani yotere inalembedwa ndi anthu a m'dziko limene linaona Hiroshima ndi Nagasaki zaka 36 zokha m'mbuyomo. Ku St. Louis anaona kuti zimenezi n'zolemera kwa ana, ndiye mu Voltron dziko lapansi lili bwinobwino, lili ndi akuluakulu a asilikali amene amakhala pa misonkhano n'kumatumiza malangizo. Shirogane amaphedwa kumayambiriro kwa nkhani, koma Sven amangovulala n'kutumizidwa kukachira kudziko lina. Asilikali a adani akamafa, wolankhula ankafulumira kutiuza kuti amenewo ndi maloboti chabe. Mwana wa ku St Mary's amene agogo ake anasiya mudzi ku Dedza kapena ku Mangochi, n'kukalambira pa famu ya mzungu, akanaimva bwino nkhani yoyambayo kuposa mwana aliyense wa ku Missouri. Koma imene inamufika ndi yochapidwayo.

Kampani yomweyo inachitanso zina pa Saber Rider and the Star Sheriffs mu 1987, katuni imene nayo ana a kuno ankaikonda. Pachiyambi pake, mu Sei Juushi Bismarck ya Studio Pierrot ya mu 1984, mtsogoleri wa gulu anali mnyamata wa ku Japan, Shinji Hikari. Omasulirawo anamutsitsa pa udindo, n'kumutcha Fireball, utsogoleri n'kuupereka kwa mnzake wa tsitsi loyera wa ku Britain. Zithunzi zinali zomwezo. Anangosanja magawo mwatsopano, kujambulitsa ena owonjezera, ndi kusintha mawu. Amene amati kumasulira n'kungotembenuza mawu aone pamenepa.

N'chifukwa chiyani zinali zosavuta kuwavula makatuniwa Chijapani chawo? Yankho lili pa mmene ankapangidwira. Pa 1 Januwale 1963 Fuji TV inayamba kuulutsa Tetsuwan Atomu ya Osamu Tezuka, imene kunja imadziwika kuti Astro Boy. Tezuka anavomera kutulutsa gawo la theka la ola sabata iliyonse pa mtengo wosafika pa ndalama zimene ankawononga, ndipo kuti zitheke anachepetsa zojambula. M'malo mwa zithunzi 24 kapena 12 pa sekondi, ankagwiritsa ntchito 8 kapena kucheperapo. Munthu akamalankhula thupi linkaima chilili, pakamwa pokha n'kumatseguka ndi kutsekeka. Zojambula zina ankazisunga n'kumazibwereza, ndipo n'chifukwa chake mikango ya Voltron inkalumikizana mofanana ndendende tsiku lililonse, ife n'kumakuwa ngati tikuona koyamba. Pakamwa pongoyasama motere mukhoza kuikapo chinenero chilichonse. Chaka chomwecho cha 1963 Astro Boy anali atayamba kale kulankhula Chingerezi ku America. Umphawi wa situdiyo ya Tezuka ndi umene unatsegulira makatuniwa njira ya kunja, ndipo ankafika otchipa kwa nyumba zoulutsira zimene zinalibe ndalama zojambulira zawo.

Kutsidya kwa Limpopo anazindikira msanga mwayi umenewu. SABC itayamba kanema mu 1976, inaika mawu a Chiafirikanzi pa Heidi, katuni ya mu 1974 imene anatsogolera Isao Takahata mothandizidwa ndi Hayao Miyazaki asanakhazikitse Studio Ghibli, komanso pa ya kanjuchi Maya ya mu 1975. Boma la tsankho linkadziwa kuti chinenero chimene mwana amachimva kwa katuni amene amamukonda sachichita nacho manyazi, ndipo linalipira omasulira ndi ochita zisudzo kuti zitheke. Ndikuvomereza monyinyirika kuti pa mfundo imeneyi anaona patali kuposa maboma athu omasuka. Mapopayi amene ZBC inkationetsa sanalankhulepo Chishona kapena Chindebele, ndiye Chichewa ndiye chikanachokera kuti?

M'badwo wanga unapeza Voltron akupita kumapeto. Wathu weniweni anali Goku. M'zaka za m'ma 2000, chuma chikugwa ndipo ZBC itadzaza nyimbo ndi nkhani za chipani, madenga a ku Chitungwiza anamera madishi. Madikoda otchipa a Wiztech, Philibao ndi Fortec Star ankakoka SABC ulere, ndipo madzulo SABC 2 inkaonetsa Dragon Ball Z, ya Akira Toriyama, imene ku Japan inaulutsidwa kuyambira 1989 mpaka 1996, magawo 291. Magetsi a ZESA akathima nkhondo ili pakati, sitinkadandaula kwambiri, poti nkhondo imodzi inkatha masabata, ndipo mawa lake tinkapeza anthu aja akadakuwabe pamalo omwewo. Pano mayina ambiri anasiyidwa mmene analili, Goku, Gohan, Vegeta, ndipo tinayamba kudziwa kuti zinthuzi n'za ku Japan.

Nkhani ya Dragon Ball Z imayamba ndi mlendo, Raditz, amene akutsika kuchokera kumwamba n'kuuza Goku kuti ndi mbale wake, kuti dzina lake lenileni ndi Kakarot, ndiponso kuti si wa dziko lino ngakhale anakulira pano, n'kukwatira pano, n'kubereka pano. Dziko la makolo akelo linaphulika kalekale. Sindikunena kuti ana a zaka khumi ankaona ndale m'zimenezi. Ankafuna Kamehameha basi. Koma zaka zake n'zomwezo. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kulamula kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake akane unzika umenewo m'miyezi isanu ndi umodzi. Anthu obadwira ku Mazowe ndi ku Mbare, amene nyanja ya Malawi ankangoimva m'nthano, anapezeka kuti pa chitupa ndi alendo, ndipo ambiri analephera kuvota mu 2002. Mayina achipongwe, mabhurandaya, mabwidi, anthu opanda mutupo, anali kale m'kamwa mwa anthu, ndipo mabanja ena anali atasintha kale mayina awo kuti amveke achishona. Mu 2005 Murambatsvina inagwetsa tinyumba ta kuseri ku St Mary's ndi m'matauni ena. Lipoti la Anna Tibaijuka la bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pantchito. Ogwetsedwa nyumbawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Adzukulu a matchona analibe mudzi woti akwerere basi.

Chaka cha 2013 chinatseka nyengo ziwiri zonsezi pamodzi. Mu Meyi malamulo atsopano a dziko anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la SADC, ndipo pa zinenero 16 zovomerezeka, Chewa ndicho chinalembedwa poyamba, ngakhale kuti n'chifukwa cha alifabeti chabe. Patangopita masabata ochepa, kampani ya Sentech ya ku South Africa inatseka mafunde ake, madikoda a Wiztech n'kusiya kukoka SABC.

Masiku ano ana a ku Manyame Park amaonera Naruto ndi One Piece pa foni, amapatsana magawo pa memori khadi, ndipo ena amakonda kumva mawu enieni a Chijapani n'kumawerenga Chingerezi pansi. Voltron naye anabwerera mu 2016 pa Netflix, atajambulidwa mwatsopano, ndipo opanga ake anachita chinthu chimene ochepa kuno anachizindikira: adani anawatchulanso Galra, ndipo woyendetsa mkango wakuda anamupatsa dzina lakuti Takashi Shirogane, patatha zaka 32 chilifufutireni. Ku Malawi, kumene kanema anafika mochedwa, anyamata a m'tinyumba toonetsera mafilimu sanadikire boma kapena St. Louis. Amatenga filimu ya ku China, ya ku India kapena ya ku America, n'kulankhulapo Chichewa munthu mmodzi yekha, iye yemweyo mfumu, iye yemweyo mfiti, n'kumathiramo nthabwala ndi mayina a kwawo zimene mwini filimu sanalotepo. Mafilimu amenewa amafika ndi kuno pa WhatsApp, ndipo agogo amene mapopayi a Chingerezi ankawatcha phokoso amati muwakwezere mawu.