Kabuku Kochepa, Khomo Lalikulu

Zaka za m'ma 1940 zisanafike, mwana wa kwa Kaphuka wofuna kudziwa komwe makolo ake anachokera ankadalira agogo basi. Mabuku ambiri a mbiri anali m'Chingerezi, okamba za azungu. Kenaka ku Nkhoma kunatuluka kabuku ka mphunzitsi Samuel Josia Nthara, Mbiri ya Achewa. Nthara anafunsa akuluakulu, nalemba za Kalonga, Undi ndi mafumu ena m'chinenero chomwechi timagulira tomato pa Linthipe.

Ena anatsatira: K.D. Philip ndi Onani Angoni mu 1955, John Gwengwe ndi Kukula ndi Mwambo mu 1965. Timabuku toti munthu amamaliza masiku awiri.

Kodi ka Nthara kananena zonse? Ayi ndithu. Pomwe kankatuluka m'Chingerezi mu 1973, katswiri Harry Langworthy anawonjezeramo ndemanga zake. Koma ntchito ya kabuku kotere n'kukupatsa poyambira. Ukapanda kumva dzina la Kalonga, agogo uwafunsa chiyani?

Taonani zojambula za pamiyala ku Chongoni, pafupi pompa, zomwe UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Wosadziwa amangoona mizere yofiira ndi yoyera. Amene wawerengako masamba ochepa chabe amazindikira kuti zina n'za chinamwali, zina n'za Nyau, ndipo amabwerera kumudzi ndi mafunso.

Anzanga, musadikire buku lalikulu. Agogo oti ayankhe mafunsowo akutha. Pezani kochepako, muwerenge, mukawafunse akadali moyo.