Mng'ung'udzo wa m'gitala unabwera ndi magetsi

Abale a makwaya ndi mabandi kwa Zulu ku Mchinji, gitala ija imati "hmmm" mukangoilumikiza ku sipika musafulumire kuigulitsa. Phokosolo lili ndi mbiri yake, ndipo mukaimva mupulumutsa ndalama.

Pomwe Hugh Tracey ankajambula nyimbo m'Nyasaland mu 1950 ndi 1958, gitala ndi banjo zinkalira ndi thupi lake lokha. Daniel Kachamba wa ku Chileka ndi Allan Namoko wa ku Thyolo anatchuka ndi zida zopanda chingwe cha magetsi. Chingwe kulibe, mng'ung'udzo uchokera kuti?

Vuto linabadwira ku America. Mu 1931 George Beauchamp anapanga pickup ya maginito ndi koyilo. Koyiloyo inkamva nsambo za gitala, koma inkamvanso magetsi a m'khoma. Mu 1955 Seth Lover wa kampani ya Gibson anakonza humbucker: makoyilo awiri otembenuzana kuti phokoso liphane lokha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Ovation inatchukitsa piezo, kamwala kokhala pansi pa nsambo komwe kamatulutsa magetsi kakagwedezeka. Magitala ambiri a thabwa a m'matchalitchi mwathu ndi a mtundu umenewu. Mphamvu ya piezo ndi yofooka, n'chifukwa chake mumakhala batire ya 9V, ndipo chingwe chikakhala chachabechabe imatola zinyalala zonse.

Kwathu kuno siteshoni ya Nkula A pa mtsinje wa Shire inayamba kupanga magetsi mu 1966. Magetsi a ESCOM ndi a 230V ndipo amagunda ka 50 pa sekondi. Nsambo yaikulu ya gitala imagunda pafupifupi ka 82. Ndiye "hmmm" wa pansipansi uja, wosasintha ngakhale musinthe kodi, ndi kugunda kwa magetsiwo.

Kenako kuzimazima kunabweretsa maphokoso ena. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130MW, ndipo majenereta, sola ndi mainveta zinachuluka. Chilichonse chili ndi kaliridwe kake. Inveta yotchipa imati "zzzz". Tchaja ya foni kapena adaputa yosasefa bwino imati "tswiii". Jenereta yaing'ono phokoso lake limakwera ndi kutsika motsatira injini.

Ife okonza mainjini a maboti kunyanja sitimasula kanthu tisanamvetsere. Inunso chitani chimodzimodzi, chinthu chimodzi pa nthawi:

*1.* Ikani batire ya 9V yatsopano. Yotha imalira ngati munthu wa chimfine.
*2.* Chotsani adaputa, muimbe ndi batire yokha. Phokoso likatha, wakuba wapezeka.
*3.* Sinthani chingwe. Chachifupi ndi chabwino kuposa chachitali cholumikizalumikiza, ndipo chisagone limodzi ndi waya wa magetsi.
*4.* Zulani matchaja onse a mafoni pa ekisitenshoni.
*5.* Ampu ndi mikisa zikhale pa soketi imodzi. Zikadyera kosiyana zimang'ung'udza.
*6.* Gwirani chitsulo cha jaki. Phokoso likachepa, mwina earth yanu ili ndi vuto, itanani wa zamagetsi.

Koma pali njira imodzi yoipa yomwe anyamata amakonda: kuchotsa waya wa earth m'pulagi kuti phokoso lithe. Chonde ayi. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni yomwe inali ndi magetsi. Mu 1976 Keith Relf wa Yardbirds anafa ndi magetsi akuimba gitala kunyumba kwake. Earth ndi njira yomwe magetsi amathawira ampu ikawonongeka mkati. Mukaidula, njira yotsala ndi thupi la woimba, makamaka pa ukwati wa panja, dothi lili lonyowa, iye ali chosavala nsapato.

Phokoso likakanika, gulani kabokosi ka DI kokhala ndi batani la ground lift. Kamadula mng'ung'udzo pa chingwe cha mawu, earth ya pulagi ili malo ake.

Tumizani kwa a tcheya a kwaya yanu lisanafike Loweruka la ukwati.