Fupa la chidendene ndi maso a madokotala

Lero ndikufuna tikambe mbiri ya kafupa kamodzi, ka chidendene. Kuno ku Dedza munthu akagwa pa denga pofolera nyumba, kapena mu mtengo wa paini, n'kufikira kuponda pansi ndi mapazi, fupa limeneli limaphwanyika ngati dzira. Funso lomwe lavutitsa madokotala kwa zaka zambiri ndi ili: laphwanyika motani? Pajatu yankho lake ndi lomwe limanena ngati wodwala angomuika chikhakha kapena apite ku opaleshoni.

Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray mu 1895, mafupa anayamba kuoneka munthu asanang'ambidwe. Koma kuona n'kwina, kugwirizana pa zomwe mwaonazo n'kwinanso. Mu 1931 Lorenz Böhler wa ku Vienna anaphunzitsa anzake kulemba mizere iwiri pa chithunzi n'kuyeza ngodya yake. Chidendene chabwino chimapereka madigiri 20 mpaka 40, ndipo akachepa ndiye kuti fupa laphwatalala. Mu 1952 munatuluka ntchito ya Peter Essex-Lopresti, dokotala wa ku Britain yemwe pa nkhondo yachiwiri ankathandiza asilikali odumpha m'ndege. Iye anagawa kuphwanyikaku m'magulu awiri, koma anamwalira mu 1951 ntchito yake isanasindikizidwe.

Kenaka kunabwera makina a CT, omwe amajambula fupa ngati akulidula m'magawomagawo. Mu 1993 Roy Sanders wa ku America anakonza magulu anayi, powerenga zidutswa za pamwamba pa fupali, pomwe limakumana ndi linzake. Munthu ungaganize kuti mkangano unathera pomwepo. Ayi ndithu. Ofufuza akhala akupereka zithunzi zomwezo kwa madokotala angapo, ndipo apeza kuti amagwirizana pang'ono chabe, makamaka akafika pa timagulu ting'onoting'ono. Ngakhale dokotala mmodzi yemweyo, akamuonetsanso chithunzi patapita masabata, nthawi zina amasintha gulu. Ife aphunzitsi sitidabwa nazo. Perekani chimangirizo chimodzi kwa ochonga awiri, muone malikisi ake!

Kwathu kuno mbiriyi inayenda njira yakeyake. Mu 1985 Dr Ed Blair wa ku Canada anayambitsa maphunziro a ma orthopaedic clinical officer, chifukwa madokotala a mafupa anali osowa. Mpaka lero ndi iwowa omwe amalandira othyoka ambiri m'zipatala za m'maboma. CT imapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, komwenso mu 2023 anatsegula chipatala cha mafupa cha LION.

Ine ndimaona kuti kwa mlimi wa kachewere wa ku Bembeke, magulu a Sanders amabwera pambuyo. Choyamba ndi X-ray wamba ndi mizere iwiri ya Böhler ija. Ngodya ikatsika kwambiri, nkhani ya ulendo wa ku Lilongwe imayambika, ndipo abale amayamba kusonkha ya thiransipoti.