Chingerezi m'Kalasi Loyamba: Zimene Zambia Inayembekeza kwa Mwana, 1965-1996

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okotobala 1964, mwana woyamba sukulu anali kuphunzira m'chinenero cha m'dera lake, monga momwe amishoni anakhazikitsira, ndipo Chingerezi chinali kudza pambuyo pake pang'onopang'ono. Pasanathe zaka ziŵiri, dongosolo limeneli linasinthidwa. M'chaka cha 1965, John Mwanakatwe ali nduna ya maphunziro, boma linagamula kuti Chingerezi chikhale chinenero chophunzitsira maphunziro onse kuyambira mu Giredi 1, ndipo chigamulochi chinaloŵa m'lamulo m'chaka cha 1966. Maganizo ameneŵa anali ataperekedwa kale m'chaka cha 1963 ndi gulu la akatswiri a UNESCO lotsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia.

Zifukwa za boma sizinali zopeputsa. Dziko linali ndi mitundu ya anthu yoposa 70, ndipo kukweza chinenero cha mtundu umodzi kukanautsa nsanje mwa ina yonse. Anthu omaliza maphunziro a kuyunivesite anali pafupifupi 100 okha m'dziko lonse. Boma linafuna kutumiza mphunzitsi kulikonse, Mlozi ku Chipata kapena Mbemba ku Mongu, mosalabadira chinenero chake. Linafunanso kuti mwana wa munthu wogwira ntchito m'migodi asasokonezeke makolo ake akasamukira ku Copperbelt. Panalinso chitsanzo cha Kenya, kumene njira yophunzitsa m'Chingerezi kuyambira pachiyambi inali kutamandidwa. Chimene sichinatchulidwe kwenikweni ndi chakuti njira ya ku Kenya ija inayambira m'sukulu za Amwenye za mumzinda wa Nairobi.

Tikaunika zifukwa zimenezi tiona kuti pafupifupi zonse zinali zofeŵetsa ntchito ya boma. Za mwana mwini wake, panali chikhulupiriro chimodzi chokha: chakuti mwana wamng'ono amatola chinenero msanga, kotero kuti woyamba Chingerezi ali ndi zaka 7 adzaposa woyamba mochedwa. Chikhulupirirochi chiri ndi choona chake pamene mwana akhala pakati pa eni chinenero, nachimva pomaseŵera, pamsika ndi pachakudya. Koma mwana wa kumudzi ku Petauke anali kumva Chingerezi kwa munthu mmodzi yekha, maora oŵerengeka patsiku, munthuyonso atachiphunzira movutikira. Tsono mwana ameneyu anasenzetsedwa akatundu atatu nthaŵi imodzi: kuphunzira chinenero chachilendo, kuphunzira luso la kuŵerenga m'chinenero chomwecho asanachimve, ndi kuphunziramo masamu ndi zachilengedwe.

Mabuku a Zambia Primary Course, olembedwa ku English Medium Centre ku Lusaka, anakonzedwa mosamala, ndipo anauza mphunzitsi chonena ndi chochita mwatsatanetsatane. Komabe madandaulo sanachedwe. Simon Kapwepwe, amene anakhalapo wachiŵiri kwa Pulezidenti Kaunda, anatsutsa poyera kulera ana m'chinenero cha eni. Pokonzanso maphunziro, chikalata choyambirira cha 1976 chinapempha kuti zinenero za m'dzikomo zibwerere m'makalasi anayi oyamba. Chikalata chotsiriza cha 1977 chinavomera kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero chake, koma chinati zimenezo sizingatheke m'dziko la zinenero zambiri, motero Chingerezi chinakhalabe. Apa ndiye pali phunziro kwa okonza ndondomeko za zinenero, pakuti boma silinakanenso mfundo ya akatswiri. Linangoiŵerengera kuti ndi yodula.

Muyeso weniweni unapezeka chifukwa cha dziko loyandikana nalo. Kuyambira pa msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa 1968, ana a m'Malaŵi anali kuphunzira m'Chicheŵa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chiri phunziro chabe, nayamba kuphunzira m'Chingerezi mu Sitandade 5. Popeza Chicheŵa ndi Chinyanja chophunzitsidwa m'sukulu za ku Zambia ndi chinenero chimodzi, kunali kotheka kuyesa ana a maiko aŵiriŵa ndi mayeso ofanana. Eddie Williams wa ku yunivesite ya Reading anachita zimenezo m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, nasindikiza zimene anapeza m'chaka cha 1996 ndi cha 1998. Anayesa ana a chaka chachisanu poŵapatsa nkhani zosoŵa mau ena kuti aikemo oyenera. Pa Chingerezi, ana a ku Zambia, amene anali ataphunzira m'chinenerocho zaka zinayi zathunthu, sanapose anzawo a m'Malaŵi. Pa Chinyanja, ana a m'Malaŵi anaposa kutali. M'makalasi Williams anaona mphunzitsi akuŵerenga mzere, ana onse nabwereza mokweza pamodzi, ambiri osadziŵa tanthauzo lake.

Tisathamangire kudzitama nazo. Chingerezi cha ana ambiri m'maiko onse aŵiri chinali chochepa kwambiri mwakuti sakanatha kumva mabuku a kalasi lawo, ndiye kuti mwana wa m'Malaŵi naye anali kugwa m'mbuna yomweyo pofika Sitandade 5. Komanso Chinyanja cholankhulidwa mu Lusaka chimasiyana ndi cha m'mabuku, ndipo kusiyanako kunapondereza ana ena pa mayeso. Chimene chikhalabe chosatsutsika ndi ichi: zaka zinayi zoonjezera zija sizinagule Chingerezi chimene zinalonjeza.

M'chaka cha 1996 ndondomeko yotchedwa Educating Our Future inalola kuti mwana wa ku Zambia ayambe kuŵerenga m'chinenero cha m'dera lake. Njira ya Breakthrough to Literacy inayesedwa m'Chibemba ku Kasama m'chaka cha 1998, kenaka inafalitsidwa m'zinenero zisanu ndi ziŵiri zovomerezeka m'sukulu. M'chaka cha 2014 Zambia inaonjezera kuti zinenero zimenezi ziphunzitsire maphunziro onse mpaka Giredi 4. M'chaka chomwecho Unduna wa Maphunziro m'Malaŵi, potsata lamulo la maphunziro la 2013, unalengeza kuti ana ayambe kuphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo chifukwa chimene unapereka chinali chakuti ana adzachidziŵa bwino akachiyamba msanga.