Munda wa kumphala ndi munda wa kudimba

Anthu a kumtunda akamva za Chikwawa ndi Nsanje amangoganiza za dzuwa loswa mtengo ndi mizere yolandira chimanga cha thandizo. Ine wobadwira kuchigwako zimandiwawa, chifukwa makolo athu sanali opemphapempha. Kuchepa kwa mvula anakudziwa kalekale, ndipo nzeru yake anali nayo.

Banja linkalima minda iwiri. Kumphala, kumene kumadalira mvula yokha, ankadzala mapira ndi mchewere, mbewu zopirira ng'amba. Kudimba, m'mbali mwa Shire ndi m'madambo a Ndindi ndi Elephant Marsh, ankadikira madzi osefukira aphwe, kenako n'kudzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu. Phando la kudimba limakhala lakuya: umakumba mpaka dothi lonyowa limatirire kukhasu, n'kuponyamo mbewu. Zikapserera kumphala, dimba linkawombola mudzi. Zikavuta konsekonse, amayi ankalowa m'dambo madzi ofika m'chifuwa kukazula nyika, diso lili pa ng'ona. Nyika si chakudya choti n'kuyamikira, koma ana ankagona atadya. Akuluakulu nawo ankatumiza nsembe kwa Mbona ku Khulubvi kukapempha mvula.

Nanga njala yopha anthu inkadzera pati? Ine ndimaona kuti inkabwera dimba likatsekeka. Mu 1862 ndi 1863 chilala chinagwa pa nthawi ya nkhondo zogwira akapolo. Anthu anathawa m'midzi yawo, sanathe kulima mwamtendere, ndipo nkhokwe zinafunkhidwa. David Livingstone pokwera Shire kumayambiriro kwa 1863 anaona mitembo ikuyandama pamadzi, ndipo amishoni amene anakhala kwa Chibisa atachoka ku Magomero anaona anthu akufa ndi njala pakhomo pawo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 vuto linadzera kwina. Nyanja ya Malawi inadzaza, Shire inakwera, madimba ambiri anamira chaka chonse, ndipo thonje limene linkabweretsa ndalama linalowa pansi. Anthu anapanikizana kumphala, kumene mvula ikadula pamimba pa dzinja ndiye kuti zatha. M'zaka za m'ma 1960 minda ya nzimbe inatsegulidwa ku Nchalo. Ntchito inapezekadi, sindikana, koma malo okhala pafupi ndi madzi anachepa, ndipo otsalawo anthu amalimbirana ndi ng'ombe za eni chuma.

N'chifukwa chake chilala cha 1992, cha 2016 ndi cha 2024 chinapeza mabanja ambiri ali ndi munda umodzi wokha, wodzalamo chimanga chimene sichipirira dzuwa la kwathu. Zotsatira zake tonse timazidziwa: mbuzi kugulitsidwa pamtengo wolira, bambo kupita kuganyu munda wake ukumera thengo, ana kusiya sukulu.

A boma ndi mabungwe, mukamabwera ndi matumba a chimanga, muzifunsanso mafumu kuti ndi mabanja angati amene akadali ndi dimba.